Face mill ya madigiri 45, ndi Madala amene sanandiyankhule

Lachitatu usiku. Ndadya kale koma tulo sitikubwera, ndiye ndati ndilembe.

Ku shopu kwathu kodulira zitsulo ku Booysens, kuno ku Joni, kwabwera mapuleti 12 a stainless 304, okhuthala mamilimita 25, mulifupi 60, ndipo mwini wake akufuna pamwamba posalala bwino. Bwana anandiponyera katalogi kuti ndisankhe face mill (mpeni wozungulira wa pamakina wosalazira pamwamba pa chitsulo) yoti tigule, poti yathu yakale, ya mano okhala pa madigiri 90, inadya ma insert (timano todulira tochita kusintha tikatha) ambiri pa ntchito yapita ija. Ndili mkati mowerenga, Madala, mkulu amene timagwira naye ntchito, anafika n'kuima kumbuyo kwanga.

“Mphwanga, usamwaze ndalama za bwana. Yomweyi ikwana. Ungochepetsa feed, uziyenda pang'onopang'ono. Chitsulo ichi chimafuna ulemu.”

“Pepani Madala, koma kuyenda pang'onoko ndi kumene kukutithera ma insert.”

Ndinayankha mwaulemu, ndikukhulupirira choncho. Koma mawu aja atangotuluka ndinaona nkhope yawo ikusintha.

Chimene ndimafuna kuwauza n'chakuti 304 ili ndi khalidwe lake. Dzino likamangokhula osaluma, pamwamba pa chitsulo pamalimba, ndiye dzino lotsatira limapeza khungu louma kuposa loyamba lija. Kutentha nakonso sikuthawira m'chitsulomo ngati mmene kumachitira pa mild steel, kumangounjikana pansonga pa insert. Kenako chitsulo chimamatirira pansongapo, ndipo chikamachoka chimapita ndi coating (chokutira cholimba cha insert) yomwe. Ine ndimafuna face mill ya mamilimita 80, madigiri 45, mano 5, ma insert akuthwa a positive, a coating ya PVD, aja odulira stainless amene pabokosi pake pamakhala chilembo M chachikasu. Ya 45 imapepula chip, kachidutswa kamene dzino limadula: ukaika feed ya mamilimita 0.2 pa dzino, chip chenicheni chimakhala cha m'ma 0.14, ndipo katundu amagawanika pampeni wautali m'malo mothera pakona imodzi. Pa puleti ya 60, ya 80 imatsala pang'ono mbali zonse, n'kuisunthako pang'ono kuchoka pakatikati kuti dzino lizilowa bwino. Liwiro lodulira mamita 150 pa mphindi, spindle izungulire pafupifupi ka 600 pa mphindi, feed mamilimita 600 pa mphindi. Ndinali nditalemba zonsezi kuseri kwa job card.

Madala anati, “Ya 45 imakankhira pansi. Waiwala mapuleti a mamilimita 6 aja, mmene ankalirira?”

Sindinaiwale. Ankanjenjemera mpaka pamwamba pake panatuluka mizeremizere, ndipo pamenepo Madala akunena zoona. Pa puleti yopyapyala yopanda chochirikiza pansi, ya 90 ndiye yabwino. Koma awa ndi a 25, sagwedezeka. Za kufooka kwa makina athu ndinaziganiziranso, n'chifukwa chake ndinasankha mano 5 osati 8, kuti olowa m'chitsulo nthawi imodzi achepe. Ndikanapeza mpata ndikanawafotokozera bwinobwino, awiriwiri, mwina tikumwa tiyi.

Mpatawo sunapezeke. Bwana anatulukira, nafunsa m'Chingerezi kuti tagwirizana chiyani. Ine ndinangowaonetsa manambala aja. Anagwedeza mutu n'kuti tiitanitse. Sanawafunse Madala ngakhale liwu limodzi. Madala anapukuta manja pakansalu kawo, ulendo ku lathe.

Masana sanabwere pabenchi pamene timadyera limodzi.

Anthu amene simuwadziwa simungamve chifukwa chake izi zandikhala pamtima. Munthu uyu ndi wa kwathu ku Dedza. Nditafika ku Joni ndinagona pabalaza pawo ku Rosettenville miyezi itatu osalipira kanthu. Ntchito ino anandipezera ndi iwo. Micrometer yoyamba kuigwira inali yawo, ndipo akamapita kumudzi pa Khirisimasi amanyamula katundu wa amayi anga ngati wawo. Lero mwana amene anamulera wawatsutsa pamaso pa bwana, m'chilankhulo chimene iwo amachiyankhula movutikira. Nazonso zimandiwawa: zaka zoposa 20 ali pamakina, koma amene amamveka ndi wodziwa kuwerenga katalogi.

Ndipo nzeru yawo siyochokera m'mwamba. Anaphunzira pa makina amanja, ndi mipeni ya HSS (high speed steel), imene ukaithamangitsa imapsa pomwepo. Zaka zambiri adula 3CR12, stainless ija inapangidwa kuno ku South Africa, imene migodi imaikonda. Imeneyo ili ndi chromium wa m'ma 12 pa 100 alionse, ndipo siiuma msanga ngati 304 yokhala ndi chromium 18 ndi nickel 8. Zimene manja awo akudziwa zinali zoona pa zitsulo zimenezo. Vuto n'lakuti sizigwira pa ichi, ndipo ine sindingayerekeze kuti zikugwira kuti ndiwasangalatse. Ma insert akathanso, ofunsidwa ndife tonse.

Madzulo tinakwera taxi imodzi. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Potsika anangoti, “Ugone bwino mphwanga,” osatembenuka.

Face mill ifika Lachisanu. Ndikufuna puleti yoyamba aimange ndi iwo, chifukwa pa kumanga chitsulo kuti chisasunthe palibe wowaposa m'shopu monse, ndipo ndikufuna akhale pambali panga pamene dzino loyamba likulowa. Ndalemba uthenga pa WhatsApp kawiri, kawiri konse ndafufuta. Pafoni sizikumveka bwino. Mwina mawa ndilawirire, ndikawapeze asanavale ovolosi, kaya ndiyambire pati...