Makina a miyendo sikisi: kusema chitsulo pomwe chakhala

Pa fakitale yogaya nzimbe ngati ya ku Dwangwa pali zitsulo zolemera matani ambiri. Mpando wa beringi (malo pomwe beringi imakhala) ukadyeka pa chitsulo chotere, kuchimasula, kuchikweza pa lole ndi kupita nacho ku Blantyre kumadya masabata. N'chifukwa chake ndimakonda makina osemera chitsulo onyamulika a mtundu wa hexapod, a miyendo sikisi: makinawo ndi amene amapita kuchitsulo.

Makina a milling (osemera chitsulo) amene tidazolowera amasanjikizana, mbali ina imanyamula inzake, ndiye kakulakwika kapansi kamakula pofika kumpeni. Hexapod ili ndi miyendo sikisi yomwe yonse imagwira mbale imodzi yonyamula spindle, chomwe chimagwira ndi kuzunguza mpeni. Mwendo uliwonse uli ndi mota yake ndi ball screw (sikuluu yoyenda pa timipira tachitsulo), umatalika kapena kufupika, ndipo kompyuta imawerengera yonse nthawi imodzi. Mwendo umangokankhidwa kapena kukokedwa, sukhotetsedwa, choncho makina opepuka amakhalabe olimba. Nzeruyi si yatsopano. Eric Gough adaigwiritsa ntchito poyesa matayala ku Dunlop m'zaka za m'ma 1950, D. Stewart adalemba za iyo mu 1965, ndipo a kampani ya Giddings & Lewis adaonetsa makina awo a Variax ku Chicago mu 1994. Kampani ya Metrom ya ku Germany imapanga ena a miyendo isanu.

Koma ntchito imaonongeka pokhazika, osati posema. Mangani makinawo ndi mabawuti pa chitsulo chomwe mukukonzacho kapena pa fulemu yolumikizana nacho. Mukawaika pansi pa simenti paokha, chitsulo chikanjenjemera mpeni umasiya mizere. Mukawotcherera mabulaketi, dikirani azizire musanayeze. Kenako yezani ndi probe (kachipangizo koyeza pokhudza chitsulo): malo atatu ndiwo amakhazika mbale, monga mafuwa amachitira ndi mphika, koma pa bowo lodyeka tengani malo eyiti kapena kuposa, ndipo muyezo wanu uchokere pambali yomwe sidadyeke. Spindle izungulire kaye mphindi 20 kuti itenthe. Yendetsani pulogalamu yonse m'malere mpeni usanakhudze, semani koyamba mosiyako theka la milimita, yezaninso, kenako malizani.

Kutentha kwa kuno kunyanja musakupeputse. Chitsulo cha mita imodzi chikatentha ndi madigiri 10 chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.12. Pansi pa malata ku Salima, kusiyana kotere pakati pa m'mamawa ndi masana n'kwachizolowezi, ndipo pa mpando wa beringi 0.12 ndi wambiri. Choipa kwambiri n'choti dzuwa likalowa pakhomo n'kuwomba miyendo iwiri yokha, mbale yonse imapendekeka, ndiye bowo limatuluka lokhota. Tchingani ndi tenti, ndipo kuyeza komaliza ndi kusema komaliza zichitike nthawi imodzi, makamaka m'bandakucha.

Pali vuto lina lomwe makina wamba alibe. Pamalo ena, makamaka m'mphepete mwa pomwe makinawo amafika kapena spindle ikapendekeka kwambiri, miyendo imaima mwakuti singathenso kuletsa mbale kusuntha mbali ina. Apa kulimba kumatha mwadzidzidzi, mpeni umalira, mota zimakoka magetsi ambiri. Ntchito ikhale pakati. Ngati siikukwana, sunthani makinawo n'kuyezanso.

Majointi alipo 12, awiri pa mwendo uliwonse. Limodzi likayamba kugwedera, simungalidziwe ndi maso, mumangoona bwalo likutuluka ngati dzira. Fumbi la makoko a nzimbe ndi zipalo za chitsulo zikalowa mu girizi zimapala zitsulo ngati mchenga, choncho malaba otchinga akang'ambika asinthidwe tsiku lomwelo. Kukonza fakitale kumagwera m'nyengo yamvula, chinyezi chili pamwamba, ndiye pakani mafuta musanatsekere makinawo m'bokosi.

Magetsi akhale a three phase okhazikika. Akathima mpeni uli m'chitsulo, musayambe mwangopitiriza: bwezani mpeniwo pang'onopang'ono, yang'anani mano ake, bwezerani makina pa ziro, ndipo yezaninso malo atatu aja musanadulenso.