Kumapanga a Sterkfontein, komwe kale kunali nyanja

Ambirife okhala kuno ku Joni, tsiku lopuma limathera kutchalitchi kapena kogula katundu wotumiza kumudzi. Loweruka lapitali achimwene anga anati tisinthe, tikaone mapanga a Sterkfontein, ulendo wa ngati ola limodzi pagalimoto, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda.

Anthu amakhamukirako chifukwa cha mafupa akale. Ndi komwe wasayansi Robert Broom anapeza chigaza cha Mrs Ples, cholengedwa chamakedzana chofanana ndi munthu, mu 1947. Koma ine chomwe chinandigwira mtima ndi mwala weniweniwo.

Ndi mwala wa dolomite, wotuwa, wokhakhala ukaupapasa. M'mbali mwa njira ndinagwada pa wina wokhala ndi timizere topyapyala tosanjikizana, tokhota ngati kabichi wodula pakati. Amenewa amatchedwa stromatolites. Zaka zoposa mabiliyoni 2.5 zapitazo, dera lonseli linali pansi pa nyanja yosaya. Pansi pa madziwo mabakiteriya ankayala mphasa yoterera, matope n'kuikwirira, iwo n'kukwera pamwamba kutsata dzuwa, matope n'kubweranso. Mzere uliwonse ndi nthawi yomwe anakweranso.

"Ndiye mukuti tizilombo tinamanga phiri?" anafunsa achimwene.

Eya, ndipo tizilomboti tinachita zoposa pamenepo. Mabakiteriya oyamba kugwiritsa ntchito kuwala sankatulutsa okosijeni. Kenako kunadza a mtundu wa cyanobacteria, odziwa kuphwanya madzi ndi mphamvu ya dzuwa, okosijeni n'kumatuluka ngati zotsalira. Poyamba mpweyawo unkangomezedwa ndi chitsulo chosungunuka m'nyanja, chomwe chinkachita dzimbiri n'kumira. Zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo ndi pomwe unayamba kuchuluka mumlengalenga. Ngakhale kubiriwira kwa tsamba la chimanga kunachokera kwa iwo, poti tizigawo ta tsamba tomwe timakola kuwala tinali ma cyanobacteria omwe kalekale analowa m'selo ina n'kukhazikika.

Pobwerera tinadutsa ku Krugersdorp, pafupi ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi, ndipo ndinakumbuka agogo aamuna omwe anabwera kuno pa Wenela. Miyala ya golide yomwe ankaswa pansipo ndi yakale kuposa ya kumapanga. Muli timibulu tobulungika ta pyrite, mwala wokhala ndi chitsulo womwe umachita dzimbiri ukakumana ndi okosijeni, tomwe tinakokoloka m'mitsinje osachita dzimbiri, umboni woti mumpweya munalibe okosijeni. Agogo ankaphwanya ndi manja awo miyala ya dziko lomwe munthu sakanapumamo, ndipo zimandipweteka kuti panalibe wowauza zimenezi. Ndikudziwa akanazikonda, munthu uja ankafunsa chilichonse.

Mbumba ya mabakiteriyawa ikadalipo m'nyanja zamchere. Prochlorococcus, mmodzi wa ma cyanobacteria yemwe wasayansi Sallie Chisholm ndi anzake anamulengeza mu 1988, ndiye wamng'ono koposa komanso wochuluka koposa mwa zamoyo zopanga chakudya ndi dzuwa. Dzimbiri lija nalo silinapite pachabe: ndiye miyala ya chitsulo yomwe amakumba ku Sishen ku Northern Cape, sitima n'kuitengera kudoko la Saldanha. Achimwene akuti tchuthi cha Disembala tikaione.