Polise ya mlonda wa ku Kanengo

Lolemba ndinazungulira masukulu awiri ku Area 25 kukagulitsa mapolise (mapangano a inshuwaransi) a maliro kwa aphunzitsi, n'kulembetsa atatu okha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ukangotchula pulimiyamu, ndalama yolipira inshuwaransi, munthu amayamba wakuwerengera mtengo wa thumba la chimanga. Lachiwiri netiweki kunalibe tsiku lonse, mafomu anangounjikana pa desiki.

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi wina wa ku Mchesi, atavala zakuda, mwana ali kumbuyo. Amuna awo anali mlonda pa kampani ina ku Kanengo, ndipo ndine ndinawagulitsa polise ya moyo zaka 4 zapitazo. Sindinawaiwale chifukwa tsiku losaina anandifunsa kawiri konse: "Achimwene, ndikapita ana anga sadzavutika kulandira?" Ine ndinawatsimikizira ndi pakamwa pangapa. Anatisiya mwezi wathawu.

Mayiwa anali atachita zonse zofunika: setifiketi ya imfa ya ku NRB (bungwe la boma la kalembera), chitupa cha unzika, fomu yodzadza bwino, dzina lawo lili pa polise ngati wolandira. Yankho la ku likulu la kampani yathu linali mizere itatu basi. Polise inafa chifukwa yakhala miyezi 7 osalipiridwa.

Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa ma payslip opindapinda. Pepala lililonse likuonetsa kuti ndalama ya inshuwaransi inkadulidwa mwezi ndi mwezi, mpaka mwezi womwe malemu anagonekedwa m'chipatala. Kampani inkadula, koma osatumiza kwa ife. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti izi si zachilendo. Chimene chikundiwawa mpaka pano n'chakuti ife tinkaona mu kompyuta kuti ndalama sizikulowa, masiku a grace period (nthawi yodikira wochedwa kulipira polise isanafe) n'kutha tikuona, koma palibe anatumiza ngakhale meseji imodzi kwa mwini polise. Makalata okumbutsa ankapita kwa a HR (oona za antchito) a kampani yomwe inkasunga ndalamayo. Mlondayo anamwalira mtima uli m'malo kuti ana wawasiyira kanthu.

"Ndiye bambo, wolakwa ndi ndani? Amuna anga?" Pakamwa panga panauma.

Ndinalowa kwa abwana. Anati nthambi ilibe mphamvu pa claim (pempho la ndalama za polise) yokanidwa, zonse ndi ku likulu, ndipo woona madandaulo kumeneko ndi mmodzi yekha, ali pa tchuthi. Anandichenjeza kuti ndisalonjeze kalikonse. Sindinalonjeze. Ndinakhala nawo pansi mayiwa, tinalemba kalata yodandaula, tinafotokopa ma payslip onse, ndipo kope lawo ndinalidinditsa kuti tsiku lolandirira lioneke. Ndinawauza kuti mapepala enieniwo asapatse munthu, ngakhale alamu awo amene ayamba kale kufunsa kuti ndalama zituluka liti.

Ndinawauzanso chinthu chimene maejenti ambiri timachibisa. Likulu likakananso kapena likangokhala chete, apite ku Reserve Bank ku City Centre. Gavanala wa bankiyo ndiye Registrar of Financial Institutions pansi pa Financial Services Act ya 2010, amayang'anira makampani onse a inshuwaransi ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Za ndalama zodulidwa zija, ndinawalozera ku ofesi ya zantchito ya boma ndi ku Legal Aid Bureau, poti za loya sangakwanitse. Abwana atamva anandiitana n'kundifunsa kuti malipiro anga amachokera kuti. Ndinawayankha kuti amachokera kwa anthu ngati mlonda uja.

Lachinayi ndinapita kokumana ndi kasitomala ku Old Town, zomwe tinakambirana sindikuzikumbuka n'komwe. Usiku tulo sindinatione.

Lachisanu ndinatsegula mndandanda wa antchito a kampani ija. Alonda ena 14 amene ndinawalembetsa ndekha, onse mapolise awo ali m'mbuyo miyezi yomweyo. Ndinagula mayunitsi ndi ndalama ya m'thumba mwanga n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi. Pofika 5 koloko ndinali nditapeza 9. Otsalawo mafoni awo sakupezeka, ndiye mawa ndilawirira ku Kanengo ndikawadikire pageti akamaweruka ntchito ya usiku.