Kashopu kathu ka makompyuta ku Vila Ulongwe

Ine ndi mayi a kunyumba tinayamba ndi makina a fotokope okha, pafupi ndi msika wa ku Vila Ulongwe m'boma la Angónia, kuno ku Mozambique. Titagulitsa mbatatesi tinawonjezerapo makompyuta akale ndi pulintala. Amatipeza ndi aphunzitsi, ana asukulu, alimi ochokera ku Dómuè ndi ku Tsangano odzakopetsa BI (chiphaso cha unzika) kapena kulembetsa kalata, ngakhalenso abale a ku Dedza olowera pa Calómuè.

Chinkatisautsa n'choti Windows yathu ndi ya Chipwitikizi. Munthu walipira ola lathunthu, koma wangokhala pampando, Word sakuyiwona. "Bambo, tabwerani munditsegulire." Ndisiye fotokope, pakhomo mzere n'kumakula.

Ndiye ndinachotsa zonse zosafunika pasikirini, n'kusiyapo ma atalho ochepa, tizithunzi tija mumangodina kawiri pulogalamu n'kutseguka. Kupanga kwake n'kosavuta: dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu, sankhani Novo, kenako Atalho, n'kuloza pomwe pulogalamuyo ili. Pa Windows 10 mukhoza kungoikoka kuchokera pa Iniciar (Start m'Chingerezi) n'kuiponya pasikirini. Ndinkati ndikapanga, ndimadina F2 n'kulemba dzina m'chinenero chathu. Word inakhala "Kulemba kalata", Excel "Mapauta a aphunzitsi" (mapepala olembapo mamalikisi a ana asukulu), Chrome "Intaneti". Agogo ena amene sankaukhudza n'komwe mausi tsopano amafika, kukhala, n'kuyamba okha. Zimenezi zimandisangalatsa kuposa ma metikali amene amasiya.

Pali chimodzi chimene sinditopa kuchenjeza. Atalho si fayilo, amangolozera komwe fayiloyo ili. Mphunzitsi wina anabwera pa njinga yamoto kuchokera kutali, fumbi thupi lonse, mayeso a ana ali pa fulashi kuti tisindikize. Titatsegula tinapezamo kachithunzi kokhala ndi kamuvi pakona, kukula kwake 2 KB basi. Mayeso enieni anatsala mu laputopu kunyumba. Anagwira m'mutu, ifenso zinatikhudza. Kuyambira pamenepo aliyense timamuwonetsa kamuviko asanakope chilichonse. Ena amaopanso kufufuta atalho poganiza kuti pulogalamu ipita nayo limodzi. Ayi, pulogalamu imatsala.

Kamuvi komweko kamatithandizanso kuzindikira vayirasi ya m'mafulashi, ija imabisa mafoda n'kuikapo ma atalho a mayina omwewo. Mukawona choncho musadine, chifukwa mukadina ndiye mwaitsegulira khomo lolowera mu kompyuta. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa, ndipo kuwabwezeretsa yasanduka ntchito ina yotibweretsera kangachepe.

Loweruka masana mayi amaphunzitsa atsikana ndi anyamata omaliza sekondale. Phunziro loyamba, aliyense amapanga atalho yake ya Word, n'kuipatsa dzina limene wasankha yekha.