Mawu Amene Ndinaphunzira Polima Maluwa a Iris

Nditayamba kulima maluwa a iris, chimene chinandizunguza mutu si nthaka kapena madzi ayi, koma mawu a m'mabuku a ogulitsa mbewu. Timasamba titatu ta duwa toimirira m'mwamba amatitcha standards, titatu tolendewera pansi ndi falls, ndipo kaubweya komera pa tolendewerato ndiko kamachititsa kuti mtundu wina uzitchedwa wandevu.

Mbewu zanga zoyamba zinawola chifukwa ndinazikwirira mozama ngati chinangwa, osadziwa kuti gawo lomwe timabzalalo, lotchedwa rhizome, ndi tsinde lofuna kuwothera dzuwa pamwamba pa dothi. Masiku ano ndisanagule, ndimayamba ndafufuza dzina m'kaundula wa American Iris Society, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1920, pakuti ogulitsa ena amangopeka mayina.