Za Godzilla ndi apongozi anga, imvani kwa mwini wake

Poti kavidiyo kaja kondionetsa ndikuyenda ngati Godzilla pamsewu kazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp, bola ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Sindinaledzere ayi, ndipo anayambitsa ndi Yamikani.

Iyeyu amakakamira zoti pa zilombo ziwiri za m'mafilimu zija, King Kong ndi wamkulu kuposa Godzilla, ati poti Kongyo anakwera Empire State Building, chinyumba chachitali cha ku New York. Amwene, ukakwera nyumba ndiye kuti nyumbayo yakuposa, Godzilla sakwera nyumba, amangoponda. Kong wa filimu ya 1933 uja sankafika ngakhale mamita 10 pomwe Godzilla woyamba wa ku Japan mu 1954 anali kale mamita 50. Kong amachita kumufufumitsa dala kuti ndewu ikome, mu 2017 anali cha m'ma 31, pofika 2021 amukoka mpaka 102 koma mnzakeyo ali cha pa 120. Yamikani akuti aaa mamita 18 n'chiyani, sizingaoneke n'komwe. Ndiye ndinati tiyeni pamsewu tikayeze, sitepe imodzi yaitali mita imodzi, woluza agula chipisi.

Pa 102 tinaika mwala, ndiye Kong ameneyo. Apa m'pomwe anyamata anayamba kukuwa kuti Godzilla sayenda ngati akupita kuchigayo, yenda bwino! Inenso ndi mtima wofuna kuphunzitsa anthu ndinapinda timanja pachifuwa, miyendo tang'a, mbuyo ndatulutsa poimira mchira, phazi lililonse dii! dii! fumbi koboo, ndikuwerenga mokweza. Njira ija imakhota pampanda wamaudzu paja. 118, 119, pa 120 ndinatsinzina, kukamwa kuloza kumwamba, n'kutulutsa kubangula kochokera pansi pa mchombo, agalu a mudzi wonse anayankha.

Kutsegula maso, apongozi. Mayi ake a madamu enieni, ali ndi amayi anzawo a kumpingo mu yunifomu zoyera mbee, akuchokera kozonda odwala.

Abale, kukamwa kunakana kutseka. Mutu ukuti gwada, thupi likadali Godzilla, ndiye ndinangotsika pang'onopang'ono timanja tili chipindire, mbuyo ikadali kunja, n'kunjuta pafumbi pomwepo kuyesa kuomba m'manja koma zikungogundana nsonga za zala. Palibe anaseka, bola akanaseka. Mayi wina anasuntha Baibulo kuchoka kukhwapa kulibweretsa kutsogolo. Wina ndinamumva akuyamba pemphero chapansipansi. Apongozi anayang'ana kumbali mwaulemu wonse, n'kufunsa mofatsa: "Bambo a Tadala, kodi kunyumba kuli bwino?"

Ine pakamwa panatuluka zoti, "Ndi mamita 120, amayi."

Anangoti "Chabwino bambo," n'kundilambalala onse mondondozana, aliyense akukokera chitenje chake kumbali.

Koma tinene zoona, kuchokera pamwala paja kufika pomwe ndinagwada ndi mtunda ndithu, aliyense anaona ndi maso kuti Kong ndi mwana. Yamikani akukana kugula chipisi ati masitepe anga omalizira anali aafupi chifukwa cha kuvina. Madamu foni inawapeza ndisanafike pakhomo, mpaka pano akundipatsa nsima osandiyang'ana kumaso.

Wina wanditumizira uthenga kuti kuli Godzilla wa katuni wa 2017 wotalika mamita 300. Ndikudziwa. Akayeze yekha.