Lipoti la ulendo wa ku Toronto: zomwe tinaphunzira pa za ogwa ndi ngongole

Gulu lathu la alangizi a za ngongole linali ku Canada mu Meyi 2025. Anatilandira ku Toronto ndi mayi wina wa chiphaso cha boma chothandizira anthu omwe ngongole zawafika m'khosi. Kumeneko munthu sangalengeze bankruptcy, kutanthauza kulengeza mwalamulo kuti wagwa ndipo sangathe kubweza ngongole zake, popanda kudzera kwa anthu ngati amenewa.

Mayiwo anayala tchati cha chiwerengero cha ogwa ndi ngongole patebulo n'kuloza ndi cholembera pomwe mzere unatsika kwambiri. Chinali chaka cha 2020. "Amayi, apa sipanalakwike? Si nthawi ya Covid-19 imeneyi?" anafunsa wapampando wathu. Sipanalakwike. Boma linkapereka $2,000 pa milungu inayi iliyonse kwa omwe ntchito inawathera, mabizinesi ang'onoang'ono ankakongola mpaka $60,000 kudzera mu CEBA, ndondomeko ya boma ya ngongole zothandizira mabizinesi pa nthawi ya mliriwu, ndipo banki yaikulu inatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 0.25 peresenti. Ogwa anachepa, koma ngongole sizinathe ayi, zinangogona. Pofika Julaye 2023 chiwongoladzanja chinali pa 5 peresenti. Kenako panabwera 18 Januwale 2024, tsiku lomaliza lobweza ngongole ya CEBA kuti gawo lina likhululukidwe, ndipo miyezi imeneyo mabizinesi olengeza kugwa anachuluka zedi. Ine ndinatolapo ichi: chiwerengero cha ogwa chimabwera mochedwa, chimanena za mavuto a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo.

Chomwe chinatidyera nthawi ndi consumer proposal. Munthu wa ngongole zosapitirira $250,000 (malire a mu 2025), osawerengera ya nyumba yomwe akukhalamo, amagwirizana ndi omukongoza kuti abweze gawo chabe pa zaka zosaposa 5, katundu wake osamulanda. Masiku ano anthu ambiri akusankha njira imeneyi kusiyana ndi bankruptcy, ngakhale kuti wogwa koyamba angathe kumasulidwa pa miyezi 9 yokha. M'basi munabuka mtsutso. Ena ankati uku n'kulekerera anthu osasamala ndalama. Ine sindikuvomereza, chifukwa wokongoza amapezako kena m'malo mongobwerera chimanjamanja, komanso wangongoleyo amakakamizidwa kukhala pansi kawiri ndi mlangizi n'kuphunzira kupanga bajeti.

Madzulo tinalowa mu sitolo yaikulu ya Hudson's Bay ya pa Queen Street. Kampaniyi inayamba mu 1670, koma mu Malichi 2025 inathawira kukhoti pansi pa lamulo la CCAA, loteteza kwa kanthawi makampani omwe akulephera kubweza ngongole, lomwe limakhudza makampani a ngongole zoposa $5 miliyoni. Tinapeza mashelefu ambiri ali mbee, zikwangwani zotsitsa mitengo zili lendelende, anthu akusanthula zotsala. Masitolo ake onse anatsekedwa pofika pa 1 Juni. M'kaundula wa ogwa, kampani ngati imeneyi imawerengedwa kamodzi basi, pomwe antchito ake omwe anachotsedwa anali masauzande, ndipo ena mwa iwo mwina adzaoneka m'chiwerengero cha anthu wamba chaka china.